Nankafumbwe ndi ndalama za alendo: mbiri ya nkhondo ya m'nkhokwe

Mu 1975 nthumwi za mayiko zitakumana ku likulu la United Nations ku New York, zinagwirizana kuti pofika 1985 chakudya chimene chimaonongeka chitakololedwa kale m'mayiko osauka chikhale chitachepa ndi theka. Chaka cha 1985 chinafika n'kudutsa. Mu 2014 atsogoleri a mu Africa anakumana ku Malabo m'dziko la Equatorial Guinea nalonjezanso zomwezo, ulendo uno malire ake 2025. Chaka chotsatira United Nations inaika mfundo yofananako pa zolinga zake zachitukuko, malire 2030. Lonjezo likabwerezedwa katatu m'zaka 40, ndiye kuti pena pake pavuta.

Lonjezo lililonse linkabwera ndi ndalama zake, ndalama za thandizo zija sitibweza. Lero ndikufuna titsate ndalama zimenezi, tione kumene zinalowa ndi chimene zinasiya pakhomo pa mlimi wa ku Dowa kapena ku Mchinji. Nkhani yake ndi ya kachilombo kochepa kuposa njere ya mpunga, komanso ndi nkhani ya mankhwala amene takhala tikudyera limodzi ndi nsima.

Nkhokwe ya makolo

Kale chimanga chinkasungidwa ndi zitsononkho zake, nthawi zambiri chili m'makoko. Chikauma pa mikukwe ankachituta n'kuchiika m'nkhokwe yoluka ndi nsungwi kapena timitengo, yokhala pa miyala kuti chiswe ndi chinyezi zisafike, pamwamba denga la udzu. Mphepo inkadutsa m'mipata n'kumaumitsa chimanga pang'onopang'ono. Mvula ikayandikira ena ankamata nkhokwe ndi dothi. Chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa moto kukhitchini kuti utsi uzichiteteza, nyemba ndi khobwe n'kuzisakaniza ndi phulusa kapena mchenga mumtsuko.

Chinsinsi china chinali m'njere momwemo. Chimanga cha makolo ndi cholimba, nankafumbwe amavutika kuchiboola, ndipo makoko ake amakuta chitsononkho mpaka kunsonga. Amayi ankachikondanso chifukwa pokonola mumtondo sichinyenyeka, mphale imatuluka yambiri, gaga wochepa. Chimanga cha haibulidi choyamba chinali chofewa: m'munda chimabereka zedi, koma m'nkhokwe chimafumbwa msanga, mumtondo chimasanduka gaga. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri alimi ankalima haibulidi wogulitsa ku ADMARC, cha makolo n'kusunga chakudya. Sikunali kuuma mutu ayi, anthu ankawerengera mpaka Febuluwale. Zinthu zinayamba kusintha mu 1990 pamene akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT komanso ndi ndalama za Rockefeller Foundation, anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu za haibulidi za njere yolimbirako. Thandizo limeneli linagwira ntchito chifukwa ofufuzawo anamvera zimene amayi ankanena pamtondo.

Mlendo wa ku Tabora

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 alimi a ku Tabora m'dziko la Tanzania anayamba kupeza ufa wokhawokha pansi pa nkhokwe zawo. Kachilombo kake sanakaonepo. Asayansi anadzakazindikira kuti ndi Prostephanus truncatus, kwawo ku Mexico ndi ku Central America, ndipo ambiri amakhulupirira kuti kanaoloka nyanja kali m'katundu wa chimanga. Anthu a ku Tanzania anakatcha dumuzi, ena Scania, poti mutu wake umafanana ndi kutsogolo kwa lole ija. Mu 1984 kanapezekanso ku Togo. Kwathu kuno kanalowera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kumatsika nako mpaka kummwera.

Nankafumbwe wamkulu ameneyu ndi wosiyana ndi uja tinamuzolowera. Kuthengo amakhala m'mitengo youma, choncho mtengo wa nkhokwe kwa iye ndi nyumba. Amaboola makoko, amaboola njere yolimba, amadya ndi makaka a chinangwa omwe. Amasangalala kwambiri chimanga chikakhala pa chitsononkho chifukwa njere zimagwirana, iye amapeza potsamira poboola. Mwachidule, zonse zimene zinkateteza chimanga m'nkhokwe ya agogo, kwa mlendoyu zinali ngati kumuyalira mphasa.

Mabungwe anathamanga. FAO ndi akatswiri a ku Britain, pogwira ntchito ndi boma la Tanzania, anapeza yankho lomwe linadzafalikira chigawo chonse: tonolani chimanga, thirani mankhwala a ufa, sungani m'matumba. Mankhwala akale opha nankafumbwe wamba sankamupha bwino mlendoyu, choncho anasakaniza mitundu iwiri, pirimiphos-methyl wa nankafumbwe wakale ndi permethrin wa watsopanoyu. Ndi mmene Actellic Super analowera m'nyumba zathu. Kenaka umbava nawo unakula, makamaka itadutsa njala ya 2001/02, anthu n'kuona kuti nkhokwe yapanja ndi kuitana akuba. Chimanga chinasamukira kuchipinda. Mukamayenda m'midzi lero n'kumadabwa kuti nkhokwe zinapita kuti, yankho lake ndi limeneli. Mwana wobadwa chaka chino m'midzi ina adzamva mawu oti nkhokwe m'buku la Chichewa basi.

Mankhwala m'mbale

Tisanamizane, mankhwala anapulumutsa chimanga chambiri. Boma nalo linaona kufunika kwake moti kuyambira nyengo ya 2008/09 linaika mankhwala osungira chimanga pa pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo. Koma walira mvula walira matope. Actellic amagwira ntchito akathiridwa pa mlingo wake ndipo mphamvu yake imatha pakapita miyezi, kotero wosunga mpaka Malichi amayenera kukhuthula matumba n'kuthiranso. Amene alibe ndalama amathira pang'ono, tizilombo osafa. Amene ali ndi mantha amathira kawirikawiri n'kumapita nacho kuchigayo osadikira. Pamsika pamapezekanso ufa woyera wa m'timabotolo topanda chizindikiro, wogula osadziwa ngati ndi mankhwala kapena choko.

Choopsa kwambiri ndi mapilitsi a utsi aja, aluminium phosphide. Anawapangira akatswiri ophunzitsidwa, oti aziika pansi pa malona otsekedwa bwino m'nyumba zazikulu zosungira katundu. Akakhudzana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa mpweya wa poizoni umene umapha tizilombo, umaphanso munthu. Koma mapilitsi omwewa amafika pamsika, munthu n'kuwakulunga m'kansanza, n'kuika m'thumba la chimanga lomwe lili m'chipinda chogona ana. Dziko lathu lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 komanso bungwe loyang'anira, Pesticides Control Board, koma misika ya m'midzi ndi yambiri kuposa maso a bungwe lililonse.

Apa ndi pamene nkhani ya kuonongeka kwa chakudya inakumana ndi nkhani ya poizoni. Opereka thandizo anayamba kufunsa ngati pali njira yosungira mbewu popanda kuthiramo kanthu. Njira inalipo, yakalekale: kutsekera tizilombo pamalo popanda mpweya.

Malata a ku Honduras

Kuyambira zaka za m'ma 1980 mpaka 2003, boma la Switzerland linapereka ndalama ku pulogalamu yotchedwa Postcosecha ku Honduras, Guatemala, Nicaragua ndi El Salvador. Chida chake chinali nkhokwe ya malata, chigoba chachikulu chozungulira chokhala ndi pothirira pamwamba ndi potulutsira pansi. Chochititsa chidwi ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazo. Zambiri zinapita kophunzitsa amisiri a m'midzi, anthu ngati aja amakhoma ndowa ndi mbaula pamsika, kuti azipanga nkhokwezi mwaluso n'kumagulitsa okha. Anawaphunzitsa kudula malata, kuotcherera, kuwerengera mtengo, ngakhale kutsatsa malonda. Nkhokwe zoposa theka la miliyoni zinafika m'makomo a alimi, ndipo amisiriwo anapitiriza kupanga pulogalamu itatseka kale maofesi.

Mu 2008 Switzerland inapereka ndalama ku CIMMYT kuti ayese zomwezi ku Kenya ndi ku Malawi, ndipo mu 2012 anaonjezera Zambia ndi Zimbabwe. Boma lathu m'nthawi ya Bingu wa Mutharika linalimbikitsanso nkhokwe zazing'ono za malata. Kagwiridwe kake ndi kosavuta kumva: umathira chimanga chouma, umayatsa kandulo mkati kuti idye mpweya, umatseka n'kumanga pakamwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Khoswe sangaboole, nankafumbwe amafera momwemo.

Nanga bwanji sitiziona khomo lililonse? Mtengo. Malata ake timaitanitsa kunja, ndipo kwacha ikagwa, mtengo umakwera. Nkhokwe imodzi imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, pa nthawi yokolola pomwe mlimi ali ndi ngongole ya feteleza ndi fizi ya mwana. Banja lokolola matumba 8 kapena 10, lomwe chakudya chimatha mu Novembala, lingagule bwanji chigoba cha ndalama zoposa mtengo wa zokolola zakezo? Kumene nkhokwezi zinagawidwa ulele kapena kuperekedwa ku gulu, panabuka funso lina: ndani asunge kiyi, ndipo ndani akufuna kuti mudzi wonse udziwe kuti watsala ndi ndowa zingati? Mmisiri wophunzitsidwa uja, oda ya pulojekiti itatha, anabwerera kokhoma ndowa. Chida chinali chabwinobwino, koma msika woti chikhazikikepo sunakhwime ngati wa ku Central America.

Thumba la magawo atatu

Njira imene yafika patali kwambiri inayambira pa khobwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Larry Murdock wa ku Purdue University m'dera la Indiana ku America ankagwira ntchito ndi ofufuza a kumpoto kwa Cameroon, ndalama zake zochokera ku USAID. Kumeneko khobwe ndi ndiwo komanso ndalama, koma kachilombo kake kamamufumbwa m'miyezi yochepa. Anayesa njira zingapo: phulusa, kuyanika padzuwa pansi pa pepala la pulasitiki, ndi kuika matumba a pulasitiki limodzi mkati mwa linzake. Njira yomalizayi inagwira, koma inakhala zaka pafupifupi 20 ikudziwika ndi anthu ochepa chifukwa panalibe fakitale yopanga matumba oyenera, panalibenso sitolo yowagulitsa.

Mu 2007 Bill & Melinda Gates Foundation inapereka madola 11.4 miliyoni kuti njirayi ifalikire m'mayiko 10 a kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Nigeria, Niger, Burkina Faso, Mali ndi Ghana. Thumbalo linatchedwa PICS. Lili ndi mapepala awiri okhuthala a pulasitiki mkati, lililonse la ma micron 80, ndi thumba loluka lija tinalizolowera kunja. Umathira mbewu youma, umafinya mpweya, umamanga pepala loyamba palokha, lachiwiri palokha, lakunja palokha. Tizilombo tomwe tinalowa ndi mbewu timapuma mpweya wotsalawo mpaka kuchepa. Ukachepa timasiya kudya ndi kuswana, kenaka timauma n'kufa, poti madzi a m'thupi mwawo amawapeza pogaya chakudya mothandizidwa ndi mpweya womwewo.

Koma chimene ndimachisirira pa pulojekiti imeneyi ndi kaphunzitsidwe kake. Alangizi anafika m'midzi yoposa 30,000. Pamudzi uliwonse alimi angapo ankathira khobwe wawo m'matumbawa anthu onse akuona, n'kumanga. Pakatha miyezi inayi kapena kuposerapo mudzi unkasonkhananso, mfumu ilipo, matumba n'kumasulidwa pagulu. Aliyense ankapisa dzanja yekha. Wailesi inkalengeza, ndipo mbali inayi pulojekiti inkakambirana ndi mafakitale, monga ya ku Kano ku Nigeria, komanso ogulitsa m'misika kuti thumba lizipezeka pafupi. Mlimi ankagula ndi ndalama yake. Thandizo linalipira kafukufuku, maphunziro ndi kutsegula njira ya malonda.

Mu 2014 bungwe lomwelo linaperekanso madola pafupifupi 10 miliyoni kuti matumbawa agwiritsidwe ntchito pa mbewu zina monga chimanga, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko 7 a gawo limeneli. Lero thumba la PICS ndi anzake a mtundu womwewo amapezeka m'masitolo a zaulimi m'matauni ndi m'malo ambiri amalonda.

Nalo lili ndi malamulo ake. Chimanga chiyenera kuuma ndithu, chinyezi chisapitirire 13 peresenti kapena pafupi pamenepo. Alangizi amaphunzitsa kuyesa ndi botolo louma ndi mchere: thirani njere ndi mchere, khutchumulani, mchere ukamatirira m'mbali ndiye kuti chimanga sichinaume. Chonyowa chikatsekeredwa chimaola. Kuumitsa bwino kumatetezanso ku chuku, chomwe chimabala poizoni wa aflatoxin. Poizoni ameneyu si nthano: mu 2004 anapha anthu 125 kummawa kwa Kenya atadya chimanga chachuku. Thumbali limaopanso khoswe ndi kamtengo kosongoka, ndipo mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa thumba wamba, ngakhale limagwira nyengo zitatu kapena kuposa likasamalidwa.

Palinso funso lomwe mapulojekiti sakonda kuliyankha. Thumba lochotsa mankhwala m'nsima ndi la pulasitiki. Dziko lathu linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo Supreme Court inagamula mokomera chiletsocho mu 2019. Mapepala a PICS ndi okhuthala, lamuloli siliwakhudza. Koma likabooka thumbalo limathera kuti? Ena amafolera nalo denga, ena amayanikirapo ufa, pamapeto pake limapsa padzala kapena kuuluka m'munda. Vuto lachepa, inde, koma mbali ina langosintha nkhope.

Manambala amene amaitana ndalama

Mu 2011 kunatuluka malipoti awiri amene anatsegula zikwama za opereka thandizo. FAO inati gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha padziko, matani pafupifupi 1.3 biliyoni pachaka, limaonongeka kapena kutayidwa. World Bank inati mbewu zoonongeka zitakololedwa kummwera kwa chipululu cha Sahara zimakwana madola pafupifupi 4 biliyoni pachaka. Mu 2016 Rockefeller Foundation inalengeza pulogalamu ya YieldWise ya madola 130 miliyoni, yoyambira pa mango ku Kenya, tomato ku Nigeria ndi chimanga ku Tanzania.

Koma mu 2014 ofufuza awiri, Jonathan Kaminski ndi Luc Christiaensen, anasanthula mayankho a alimi eni ake ku Malawi, Tanzania ndi Uganda. Alimiwo ankati chimanga chotayika pakhomo ndi pakati pa 1.4 ndi 5.9 peresenti, ndipo nambala yaing'onoyo inali ya Malawi. Ndiye akunama ndani? Mwina palibe. Nankafumbwe sangadye chimanga chomwe chinagulitsidwa kale mu Meyi. Mlimi amene akudziwa kuti sangasunge amapita nacho kwa venda pa nthawi imene mtengo uli pansi, kenaka mu Janyuwale n'kukagula chomwecho pa mtengo wokwera, mwina ndi ndalama ya ganyu yomwe yamuchotsa m'munda mwake nthawi yopalira. Kutaya kumeneku sikuoneka pa sikelo. Kumaoneka pa mwana amene wagona ndi phala la gaga. Ndi chifukwa chake thumba palokha silikwanira: munthu wofuna fizi mu Meyi adzagulitsa ndithu ngakhale atakhala ndi matumba abwino 20, pokhapokha atapeza kangongole kapena banki ya m'mudzi yomufikitsa pa nthawi ya mtengo wabwino.

Tikayang'ana kumene ndalama zathu zomwe zimapita, chithunzi ndi chimodzimodzi. Mu 2008/09 pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo inatenga pafupifupi 16 peresenti ya bajeti ya dziko. Kasungidwe ka zokolola sikanayandikirepo pamenepo. Ngakhale nkhokwe zazikulu za ku Kanengo, zija zimasunga matani 180,000, zinamvekapo m'nyuzi mu 2013 kuti chimanga chaonongekeramo. Feteleza amaoneka pa msonkhano wa ndale, amanyamulidwa pamutu, amajambulika. Chimanga chomwe sichinafumbwe palibe amene amachiimbira nyimbo.

Mlendo ndi mame

Mbiri yonseyi ikutiuza chinthu chimodzi chomveka. Thandizo lomwe linasiya luso m'manja mwa mmisiri, katundu pa shelefu ya sitolo ndi umboni m'maso mwa mlimi linakhalitsa. Lomwe linasiya chinthu chogawidwa pa mwambo, ndi chikwangwani cha dzina la pulojekiti m'mbali mwa msewu, linazilala galimoto zitabwerera ku Lilongwe. Ikutiuzanso za nthawi. Kuchokera pa kafukufuku wa ku Cameroon kufika pa thumba la m'sitolo ya pa Mponela panadutsa zaka zoposa 25, pomwe mapulojekiti ambiri amapatsidwa zaka zitatu kapena zisanu kuti aonetse zipatso.

Mu 2025 boma la America linatseka USAID, bungwe lomwe linalipira kafukufuku woyamba uja. Amene tikufuna ntchito m'mabungwe tikudziwa mmene zinthu zakhalira. Zikutanthauza kuti mafunso otsala agwera ife. Kodi alangizi a zaulimi ali ndi njinga ndi nthawi yoti akamasule thumba pagulu m'mudzi uliwonse? Kodi msonkho wa pa malata ndi zipangizo zopangira matumbawa sungaunikidwe? Kodi pa ndalama za feteleza sipangapatulidwe kachigawo ka kasungidwe? Nanga ophunzira a ku Bunda ndi ku MUST sangatipezere chochita ndi mapepala obooka aja? Palibe funso pamenepa lofuna madola 130 miliyoni.

Kwa inu amene mumatumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Blantyre, ku Joni kapena ku Leeds, kumbukirani kuti nyengo ya ulimi siithera pa thumba la feteleza la mu Novembala. Mu Meyi imbaninso foni, mufunse ngati chimanga chauma, chasungidwa m'chiyani, ndipo m'chipinda chomwe muli matumbawo mukugona ndani.